Phazi Lamanzere la Alamu Anga

Ine ndimasoka nsapato ku Nkwazi, mu Ndola muno, ndipo ndakhalitsa pamalo amodzi mpaka anthu akamalozerana njira amati mukhote pa wosoka nsapato uja. Munthu akafika ndimayamba kuona mapazi ake, nkhope pambuyo. Si mwano ayi, ndi mmene ntchito inandipindira khosi. Koma pali phazi limodzi limene ndimaopa kuliyang'ana, ndipo ndi la munthu wa m'banja mwathu momwe.

Alamu anga, amuna a alongo anga aakulu, anagwira ntchito ya mu mgodi ku Kitwe zaka khumi ndi ziwiri. Anali munthu wodzitama, koma kudzitama kwake kunali koti nawenso uziseka. Akabwera kudzationa ankandigogoda pamutu ndi chala n'kumati ndine dokotala wa nsapato zakufa. Ine ndinkabweza kuti iwo ndi mfuko yovala chipewa. Chilamu chathu chinali chotero, ndipo ndinkawakonda kwambiri. Kenaka kampani imene inawalemba inatsekedwa, antchito n'kuuzidwa kuti abweze zonse, chipewa, nyali, ndi jombo zomwe. Anatuluka pageti atavala patapata. Patapita miyezi yochepa anasamuka ndi banja lonse kudzakhala ku Chipulukusu, m'zipinda ziwiri za lendi.

Masiku amenewo ganyu ankapezeka pa yadi ina yogulitsa zitsulo zomangira. Lamulo la pamenepo linali lakuti wopanda jombo zokhala ndi chitsulo kutsogolo asalowe. Lamulo labwino ndithu, kungoti jombozo eni yadi sankapereka, ndipo zatsopano zinali zoti munthu wosowa ntchito azingozionera pawindo la sitolo. Kapitawo wake anali waulesi woti ngakhale kuwerama kunkamulemera. M'mawa anthu ankaima pamzere, iye n'kumadutsa akuponda aliyense pazala ndi chidendene. Pakalimba, lowa. Pakafewa, kwanu.

Apa ndi pamene ife osoka nsapato tinkadyera. Jombo ya mu mgodi ikatha, chikopa chimang'ambika, soli imadyeka, koma kachipewa kachitsulo kophimba zala sikafa. Tinkatola jombo zakutha kulikonse kumene zatayidwa, kuchotsa tizipewato, n'kutilowetsa mu nsapato wamba. Umamatula soli kutsogolo, kunyowetsa chikopa kuti chifewe, kukankhiramo kachipewako pang'onopang'ono, kuika kansalu ka bulangete mkati kuti chitsulo chisadye zala, ndiye guluu ndi ulusi. Ukamaliza, munthu wovala nsapato ya ku tchalitchi amakhala ndi zala zotetezeka ngati wa mu mgodi. Pa ntchito imeneyo ndinali katswiri, sindinama, ndipo ndinkadziwa kuti ndine katswiri. Vuto langa linayambira pomwepo.

Lamulungu lina masana alamu anga anafika atanyamula nsapato zawo zakuda, zomwe anali atavala ku Misa m'mawa womwewo.

"Mulamu, nipangileko sefuti," anatero, kutanthauza nsapato za chitsulo kutsogolo zija. "Mailo ziro sikisi nifunika pa geti. Bakamba ati bazatenga bantu ten chabe." Ankanena za mawa lake, sikisi koloko m'mawa.

Ndinavundukula chitini chimene ndinkasungiramo tizipewa. Munali kamodzi. Sabata imeneyo anthu anali atandithera tonse.

"Bwanji, dokotala, mankhwala yasila?" anandifunsa akuseka, poganiza kuti tizipewa tandithera.

Pamenepo ndi pamene ndikanayenera kunena. Mawu ake anali ochepa: katsala kamodzi. Koma kuseka kwawoko kunandilowa, ndipo m'mawa womwewo, potuluka m'tchalitchi, alongo anga anali atandinong'oneza kuti ufa m'nyumba watsala wa masiku awiri. Ndinatseka chitinicho msanga.

"Yasila kuti? Siyani apa, mubwele kuma seventini," ndinatero, kutanthauza faifi koloko madzulo.

Ndinazungulira kwa anzanga atatu osoka nsapato. Awiri anali atatseka chifukwa linali Lamulungu, wachitatu analibe. Pobwerera ndinali nditaganiza kale chochita, ndipo ndinkadzitama mumtima kuti ndine wochenjera. Aganyu onse amene ankabwera kwa ine ankanena chinthu chimodzi, chakuti kapitawo uja amayambira mbali imodzi ya mzere tsiku lililonse, ndipo phazi limene amaponda ndi lamanja. Choncho chitsulo chenicheni ndinachiika kumanja. Kumanzere ndinadula chitini cha penti, kuchipinda kawiri, kuchisula ndi hamala mpaka chinaoneka ngati chinzake, n'kuchikuta bwino ndi nsalu. Ukadina ndi chala sichinkagonja. Nsapatozo ndinasokera kapitawo, osati munthu wozivala. Ndinadziuza kuti ndi za masiku awiri atatu basi, ndikapeza kachipewa kena ndidzasintha.

Alamu anga atabwera anavala, n'kuponda pansi kawiri, n'kuyenda uku ndi uku.

"Awe, wagwila nchito, mulamu," anatero. Anandiyang'ana kanthawi ndithu, kenaka anavula n'kuzikulunga m'pepala.

Mawa lake analowa pageti. Mkuja wake analowanso. Pofika Loweruka alongo anga ananditumizira tinsomba ta kapenta m'kambale, kuti nanenso ndilawe thukuta la amuna awo.

Tsopano ndinene chimene chimandisowetsa mtendere. Kachipewa kena ndinakapeza Lachinayi la sabata yomweyo. Mayi wina anabwera ndi jombo zakutha za malemu amuna ake, ndipo tizipewa take tinali tabwinobwino. Ndinapatula kamanzere n'kukaika pambali, kuti aka ndi ka alamu. Koma kuti ndisinthe, ndinayenera kuwaitana, kumatula nsapato ija iwo akuona, n'kutulutsa chitini cha penti pamaso pa munthu amene ankanditcha dokotala. Ndinati ndidzawauza Lamulungu. Lamulungu litafika tinacheza za mpira. Ndinati Lamulungu linalo. Akuluakulu amati zengerezu adalinda kwawukwawu, koma kwa ine wokwawa sanali ine. Kachipewako kanakhala m'chitini masabata atatu.

Pali chizolowezi chimene ali nacho anthu amene akhala zaka zambiri mu jombo zenizeni. Akanyamula chinthu cholemera, monga zitsulo zija zafulati zokula ngati chitseko, sachitula pansi penipeni, chifukwa chikagona pansi zala zamanja sizilowanso kunsi kwake. Amatsamiritsa m'mphepete mwake pa chitsulo cha jombo, kupuma pang'ono, kugwira bwino, n'kunyamulanso. Amachita osaganiza n'komwe. Ine ndinkadziwa zimenezi kuposa wina aliyense, poti jombo iliyonse yakutha imene ndinang'amba inali ndi mabala a ntchito yomweyo pakachipewa pake.

Linali Lachisanu, dzuwa lili paliwombo, pamene foni yanga inalira. Anali alongo anga, ndipo mawu sankatuluka bwino. Ndinangomva kuti chipatala, ndi kuti phazi. Sindinafunse kuti phazi liti. Ndinasiya nsapato ya munthu ili ndi singano, n'kukwera minibasi.

Chitsulo chafulati chimene alamu ananyamula chinatsikira pa phazi lamanzere. Chitini chinapindikira mkati n'kusanduka mpeni. Zala zitatu zinapita, chachikulu ndi zinzake ziwiri. Nsapatoyo anamwino anaidula ndi lumo n'kuitaya pamodzi ndi nsalu zamagazi, ndipo palibe amene anaiyang'ana mkati.

Alongo anga ndinawapeza pakhonde la chipatala. Atandiona anandigwira manja onse awiri, misozi ili chuchuchu.

"Iwe, Mulungu akudalitse," anatero. "Banzawo bakamba ati sembe sunaikemo chisulo, sembe mwendo wonse wayenda."

Amenewa ndi alongo amene anandilera amayi atamwalira, amene ankandibereka kumsana popita kuchigayo. Anali kundithokoza chifukwa chodula amuna awo zala, ndipo ine ndinangogwedeza mutu. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sanachokebe.

Sizinathere pamenepo. Alongo anga anakapereka umboni kumphakati wawo, kuti mlongo wawo wamng'ono ndi amene Mulungu anamugwiritsa ntchito. Nkhani inafala m'Chipulukusu monse. Anthu anayamba kubwera ndi nsapato zawo kuchokera kutali, aliyense akufuna manja omwe anapulumutsa phazi la bambo aja. Ndikakhala ndi tizipewa tiwiri tenitieni ndinkawasokera. Ndikakhala ndi kamodzi ndinkawabweza, ena n'kumanditukwana kuti ndalemera ndiye ndayamba matama. Ndinkawasiya atukwane, mwina n'kumamvako bwino.

Alamu anga anachira, koma ntchito yonyamula inathera pomwepo. Munthu wopanda chala chachikulu sayenda monga kale. Amaponda ndi chidendene, kenaka phazi limakwekwereza pang'ono, ngati likufunafuna chinthu pansi. Kuyenda kumeneko ndinayamba kukumva paliponse. Ndili pantchito masanasana, mutu uli pansi, ndinkamva kumbuyo kwanga, kuponda kenaka kukwekwereza, kuponda kenaka kukwekwereza. Ndikacheuka, palibe munthu, kapena ndi mayi wogulitsa tomato akudutsa ndi mapazi ake athunthu. Nthawi zina ndikamenya hamala pa chitsulo chenicheni, m'makutu mwanga munkalira chitini. Ndinasiya kugula penti ngakhale khomo la nyumba yanga linali litasuluka.

Ndipo alamu ankabwerabe kwa ine, chifukwa akanapita kwa yani? Nsapato yamanzere inkafunika kuikamo siponji kutsogolo, podzaza malo a zala zija, kuti phazi lisamaseweremo n'kuchita matuza. Siponji ikaphwa, ankabwera kuti ndiikemo ina. Kuti ndiidule bwino ndinayenera kuika phazilo pamwendo panga n'kuliyeza ndi manja. Khungu la pachipsera linali losalala, lozizira ngakhale kukutentha. Iwo ankayang'ana kumsewu n'kumakamba za mvula ndi za mtengo wa makala, amene tsopano ankagulitsa pakhomo. Ine ndinkayankha osamva chimene ndikunena.

Chaka chitatha ndinalephera kupirira. Tsiku limenelo tinali awiriwiri, phazi lawo lili m'manja mwanga.

"Ba mulamu," ndinatero, "mu nsapato ija ya left munalibe chisulo. Chinali chitini cha penti. Nine ninaikamo."

Sanadzidzimuke. Anangopumira m'mwamba ngati munthu amene wauzidwa nkhani yakale.

"Ninaziba pa day one," anatero. "Twelve years mu mugodi, iwe uganiza siningazibe kulema kwa chisulo? Ya left inali yopepuka monga pepala."

"Nanga munavalilanji?"

"Nanga bana sembe banadya chani? Ninaona chabe ati mulamu wasoba, wayesa vamene angakwanise. Masiku yonse nenze kutulila pa right. Siku ija ninalema, ninaibala. Mulandu ni wanga na ine, mwandi. Osazivutisa."

Anali kundikhululukira, ndipo ndikanangokhala chete ndikanapita kunyumba ndili womasuka. Koma anali kukhululukira munthu wina, wosauka amene anasowa chitsulo, osati ine. Ndinaona kuti ndikalandira chikhululukiro chimenecho ndiye kuti ndawabera kachiwiri.

"Sininasobe, ba mulamu. Chisulo ninachipeza pa Thursday."

"Thursday iti?"

"Ya week yoyamba. Chinali mu chitini umu three weeks. Nenze na nsoni kumiuzani."

Anachotsa phazi lawo pamwendo panga pang'onopang'ono. Anayang'ana chitini chija, chimene chinali pomwepo pafupi ndi bondo langa, n'kuyang'ana ine. Ndikanakonda akanandimenya. Anatola sokosi n'kuvala okha, kenaka nsapato, siponji yake ndisanamalize n'kudula komwe. Zingwe anamanga nthawi yaitali.

"Nsoni," anatero chapansipansi, ngati akulawa liwu la manyazilo.

Ataimirira anayenda masitepe angapo, n'kuima osacheuka.

"Sisi wako usamuuze. Akaziba azakutaya, ndipo alibe wina. Pa nyumba panga vintu voduka vakwana."

Kuyambira tsiku limenelo sanabwerenso. Tikakumana pamaliro kapena kutchalitchi amandipatsa moni waulemu, wa inu, umene amapatsa munthu wachilendo. Nsapato ikafuna siponji yatsopano amatuma alongo anga. Iwo amafika akumwetulira, n'kukhala pabenchi, n'kumadandaula kuti amuna awo akukalamba msanga, asiya ngakhale nthabwala. Pakakhala kasitomala amamukoka dzanja n'kumuuza kuti manja awa mukuwaonawa ndi amene anapulumutsa mwendo wa bambo a kunyumba. Ine ndimalowetsa dzanja mu nsapatomo, kupapasa pamene siponji yakale yaphwera kuti ndidziwe pothera phazi, ndipo ndimayankha kuti zikomo asisi.