Mbale yamtengo ya apongozi

Ku seminaliyo ndinachokako ndisanamalize. Apadiri anandiitana tsiku lina nandiuza mofatsa kuti mutu ndili nawo, koma mtima wokhazikika ndilibe. Sananame.

Zinali chapakati pa zaka za m'ma 1950. Chaka chotsatira ndinakwatira, n'kukakhala chikamwini kwao kwa mkazi wanga, mudzi wa nyumba zochepa, ulendo wapansi wa theka la tsiku kuchokera pa Mualadzi. Kuseri kwa nyumba zathu kunkadutsa kamtsinje kopanda dzina. Tinkangoti kumadzi. M'chilimwe madzi ake ankalekeza mu akakolo, akuyenda pakati pa miyala ndi bango, ndipo m'mbali mwake munali dimba la apongozi anga aakazi.

Apongozi aamuna sindinawaonepo. Anapita kukagwira ntchito ku Halale mkazi wanga akuyamwa, ndipo anatchona. Kalata sinabwere, uthenga wa maliro sunamveke. Pamudzipo sankatchulidwa.

Ine ndi apongozi aakaziwo tinkapewana monga mwa mwambo. Tikakumana panjira, mmodzi ankapatukira kutchire. Sitinkadyera pamodzi, sitinkayang'anana. Zofuna zawo zinkandipeza kudzera mwa mkazi wanga: amayi akuti nkhokwe yapendama, amayi akuti mbuzi zalowa m'dimba. Mawu awo ndinkawadziwa bwino, poti ankamveka mudzi wonse, koma nkhope yawo ndinkaidziwa cham'mbali chabe.

Titakolola, ntchito inatha. Ndinkadziwa kuwerenga Chipwitikizi ndi Chilatini pang'ono, koma chowerenga panalibe. Ndinkadzuka, kuzungulira nkhokwe, kukhala pansi, kudzukanso. Ndinasema mipini yambiri kuposa makasu amene tinali nawo. Ndikamva chinthu chikulira patali, ndinkaima n'kutchera khutu ngati ndi galimoto, ngakhale msewu unali kutali koti sungamveke.

Nthawi yozizira kunabwera msuweni wanga, amene ankagwira ntchito kumigodi ya ku Rhodesia. Anafika pa njinga, atavala chipewa chaubweya.

"Ukuola pano, padiri wolephera iwe," anatero atangokhala pansi. "Munthu wodziwa kulemba n'kumalondera nkhuku za apongozi? Kumene kuja angakuike pampando, cholembera m'manja."

Anati adzabwerera mvula isanagwe, pa kamyao, galimoto yaikulu ya olemba anthu ntchito, amene ankaima pa Mualadzi, ndipo ngati ndifuna tipitire limodzi. Ndinamuuza mkazi wanga tsiku lomwelo. Anali ndi pakati pa miyezi inayi, mimba yoyamba. Anangoti, "Ndamva," n'kupitiriza kupeta.

Za golide anayambitsa ndi msuweni yemweyo. Tikusamba kumadzi anatola mwala woyera, nati kumigodi miyala yotere imayenda ndi golide. Iye ananena mocheza. Ine mawa lake ndinatenga khasu ndi basiya la mkazi wanga n'kutsetsereka. Sindinkaganiza zolemera. Ndinkangofuna chochita pamene ndikudikira kamyao.

Masiku atatu ndinapukusa mchenga m'basiyamo. Ndinkapeza timamba tonyezimira, koma ndikatitsina ndi chikhadabo tinkaphwanyika, ndipo madzi ankatitenga ngati gaga.

"Basiya langa mwalikanda lonse," anatero mkazi wanga. "Anzanga akumanena kuti amuna anga ayamba kutsuka mchenga chifukwa mbale zawachepera."

Tsiku lachinayi ndinapeza mbale yamtengo itaikidwa pakati pa njira ya kumadzi. Inali yakuda, yotakata ngati lichero, yozama pang'ono pakati, ndipo mng'alu wa m'mphepete unamatidwa kalekale. Ndinabwerera nayo kunyumba.

"Ndi ya amayi awo a amayi," anatero mkazi wanga. "Akuti kale ntchito imeneyi inali ya akazi, amuna ankangoperekeza kwa amalonda. Akuti musamapukuse ngati mukutsuka nyemba. Dzanja likhale ngati la munthu wopeta mawere. Akutinso muyese pansi pa mkuyu, pamene madzi amakhota."

"Anandionera kuti?"

"M'dimba muja muli maso."

Ndinachita monga anandiuzira. Ndinatapa mchenga pansi pa mkuyu, ndinamiza mbale, ndinachotsa miyala ndi dzanja, n'kuyamba kuizunguza pang'onopang'ono. Mchenga woyera unatuluka. Pakati panatsala mchenga wakuda, wolemera, wosakwana kudzaza chikhatho. Nditapendeketsa mbale, m'mphepete mwa mchenga wakudawo munaoneka timadontho titatu tachikasu. Sitinkanyezimira ngati timamba tija. Tinkangokhala phee, madzi akudutsa pamwamba. Ndinatsina kamodzi ndi chikhadabo, sikanaphwanyike.

Ndinatisunga m'kabotolo ka mankhwala kamene ndinabwera nako kuchokera ku seminaliyo.

Kuyambira pamenepo sindinkakhalanso pakhomo. Kusakhazikika kuja sikunathe ayi, kunangosamukira kumadzi. Ndinkapita m'mawa, kubwera kudzadya, kubwereranso. Zala zinachita makwinya, msana unkawawa, miyendo inang'ambika ndi madzi ozizira. Masiku ena osapeza kanthu. Ndikayamba kugwa ulesi, n'kumafunsa msuweni wanga za ulendo, tsiku lotsatira ndinkapeza tiwiri kapena tinayi. Ndinayesa kumtunda, ndinayesa kumunsi, koma golide ankapezeka pansi pa mkuyu pokha. Ndinakumba pamenepo dzenje lofika m'chiuno, poganiza kuti gwero lake lili pansi. Pansipo panalibe kanthu. Ankapezeka m'mbale zoyamba za m'mawa, mumchenga wa pamwamba.

Miyezi iwiri inatha choncho. Tchire linapsa, masuku anayamba kukula, dzuwa linalimba. Ndinasiya kuwerenga masiku otsala kuti kamyao abwere.

Msuweni wanga anabwera kudzandikumbutsa patatsala sabata imodzi. Anandipeza m'madzi. Ndinamuonetsa kabotolo, ndinamuuza kuti mwina chaka chino ndisapite, ndiyambe ndaona chimene kamtsinjeka kakubisa. Anagwedeza kabotolo, nayang'ana dzenje langa.

"Ukuti ukumupeza pamwamba?"

"Pamwamba."

"Padiri, golide ndi wolemera kuposa chitsulo. Amamira mpaka atagunda thanthwe. Wako yekha ndiye amakhala pamwamba kuwothera dzuwa? Kapena unamubatiza?"

Anaseka n'kumapita. Ine sindinaseke. Zimene ananenazo ndinkazidziwa, anatiphunzitsa kusukulu. Ndinali nditangosankha kusazikumbukira.

Mawa lake m'mbale yoyamba munatsala kanthu kakakulu kuposa tonse tam'mbuyo, kofanana ndi njere ya mawere. Nditakaika pachikhatho ndinaona kuti mbali imodzi kali ndi chinthu chofewa, chotuwira. Ndinachipala ndi chikhadabo n'kununkhiza. Linali phula la njuchi.

Tsiku limenelo sindinatapenso mchenga. Ndinayenda kutsatira kamtsinje mpaka kumene kamathera mumtsinje waukulu, n'kubwerera, osadziwa chimene ndikufuna.

Kutacha ndinalawirira kuposa masiku onse, dzuwa lisanatuluke koma kutayera. Ndinadzera njira ya m'bango. Pansi pa mkuyu panali apongozi anga, mtsuko uli pambali. Anagwada m'mphepete mwa madzi, m'manja muli nthenga yaikulu ya tsekwe. Anachotsa phula lotsekera kukamwa kwa nthengayo, naigogoda ndi chala kawiri pamwamba pa mchenga, n'kusalaza ndi chikhatho.

Bango linathyoka pansi pa phazi langa. Anatembenuka pang'ono, nandizindikira. Pothawira panalibe: kutsogolo madzi, kumbuyo ine. Anakoka nsalu kuphimba mutu, nayang'ana kutsidya. Ine ndinakhala pansi chonjuta, kuyang'ana kumene ndinachokera. Tinafulatirana choncho kwa kanthawi.

"Mwalawira, apongozi," anatero.

Aka kanali koyamba kundilankhula popanda mkazi wanga pakati.

"Ndalawira, amayi."

"Mwaona chimene mwaona."

"Ndaona."

"Golideyu anandisiyira ndi amayi anga. Sanachokere m'kamtsinje kano, muno mulibe kanthu, anakatsuka kutali kumapiri ali atsikana. Watsala pang'ono. Ndimayesa andifikitsa pa mvula yoyamba."

"Pa mvula yoyamba bwanji?"

"Mvula ikagwa kamyao sadutsa, milatho imapita. Pofika pouma msewu, mwana ali m'manja. Mwamuna amene wanyamulapo mwana wake amavutikako kuchoka. Ena amachokabe, ine ndikudziwa. Koma amavutikako."

Sanapepese. Ananena ngati munthu wofotokoza za kabzalidwe ka nyemba. Ine ndinakwiya, ndinachitanso manyazi. Miyezi iwiri m'madzi, munthu wa Chilatini, ndikutola zimene mayi wa m'dimba wandiwazira ngati nkhuku.

"Mukanangondiuza kuti ndisapite," ndinatero.

"Amuna anga aja ndinawauza. Ndinagwada, ndinalira, mudzi wonse unamva." Anatunga madzi, ndinamva mtsuko ukudzaza. "Tapatukani ndidutse."

Ndinalowa m'bango. Anadutsa.

Kunyumba ndinamufunsa mkazi wanga ngati ankadziwa. Anali atakhala pamphasa, miyendo itatupa.

"Ndimadziwa kuti amayi akumalawira," anayankha. "Sindinafunse."

"Ndipo unkandionera ndikukumba dzenje lija."

"Ndinkakuonerani. Munkabwera madzulo aliwonse. Munkadya osayang'ana kunjira."

Masiku asanu otsalawo sindinapite kumadzi. Ndinamanga kamtolo: malaya awiri, bulangete, kabuku ka mapemphero. Ndinakamasula. Ndinakamanganso. Mkazi wanga anandikazingira chimanga cha pa ulendo, nachiika pafupi ndi kamtoloko. Apongozi mawu awo sanamveke pamudzi masiku onsewo, ndipo anthu anayamba kufunsana ngati akudwala.

Tsiku la ulendo ndinanyamuka ndi msuweni wanga m'mamawa, kamtolo paphewa. Iye ankakankha njinga, akukamba za nyumba za njerwa ndi mpira wa Loweruka. Tinafika pa Mualadzi dzuwa lili pamutu. Kamyao anali ataima pafupi ndi kantina, kasitolo ka pamenepo, anthu atakwera kale, ena akukangana za pokhala. Kunkanunkha mafuta a galimoto, fungo limene ndinkalilakalaka chaka chonse. Msuweni wanga anakweza njinga, nakwera, natambasula dzanja.

"Tiye, padiri."

Ndinamupatsa chimanga chokazinga chija. Kamtolo ndinakagwirabe.

"Wagwidwa ndi apongozi, eti?"

"Ndidzabwera chaka chamawa."

"Onse amatero," anatero, n'kuyamba kutafuna chimanga changa.

Sindinganene kuti chinandibweza ndi chikondi chokha, kungakhale kudzikometsera. M'njira monse ndinkaona chala chija chikugogoda nthenga, kawiri kokha, mowerengera, kuti zinthu za amayi awo zifike pa mvula. Ndinkaganizanso za mwamuna wosatchulidwa uja, kuti nayenso mwina anaima pamalo omwewa ali ndi kamtolo. Kamyao atanyamuka ndinamutsatira ndi maso mpaka fumbi litatha, ndipo miyendo inkafuna kuthamanga. Ndinafika kumudzi dzuwa likulowa. Mkazi wanga anandilandira kamtolo monga amalandirira khasu.

Mawa lake ndinamupatsa kabotolo kuti akapereke kwa amayi ake, golide yense abwerere m'nthenga. Ndinaperekanso mbale. Kabotolo kanabwera kopanda kanthu, kotsukidwa. Mbale ndinaipeza tsiku lotsatira pakati pa njira ya kumadzi, pamalo pomwe paja.

"Amayi akuti dzenje lanu likugumula dimba," anatero mkazi wanga. "Akuti mulikwirire, kenako mukasewerere kumtunda."

Ndinalikwirira. Mvula inagwa patapita masabata awiri, ndipo mwana anabadwa chimanga chikumasula ngayaye, wamkazi.

Chaka chotsatira sindinapite, ngakhale kamtolo ndinakamanganso. Msuweni wanga analemba kalata kamodzi. Ine ndinapeza ntchito yophunzitsa ana pa kasukulu ka mishoni, ulendo wa ora limodzi kuchokera kumudzi, ndipo kuyenda kwa tsiku ndi tsiku kumeneko kunkandithandiza. Chilimwe chilichonse ndinkatenga mbale n'kukwera kumtunda. Apongozi analakwitsa chinthu chimodzi: m'kamtsinjemo golide analimo. Ndinamupeza chaka chachitatu, pansi penipeni, m'ming'alu ya thanthwe lakuda, timadontho tiwiri. Ndinatumiza mkazi wanga kuti akawaonetse.

Anabwera akuseka.

"Amayi akuti ameneyo si wawo. Akuti musunge nokha."