Tsiku Limene Mayi Tiyeni Anakweza Mpando Kuphiri

Msewu wa tala umathera pamlatho. Ukawoloka umapeza nyumba ziwiri zogundana makoma, lesitilanti ya denga lobiriwira ndi bala yogulitsira mowa, ndipo kuseri kwake phiri limangoyamba osakupatsa mpata wopuma. Mwini lesitilantiyo ndi mayi wamfupi, wa imvi mutu wonse, amene aliyense amawatchula kuti Mayi Tiyeni. Dzinali linabwera chifukwa sadziwa kudikira. Munthu akamamanga zingwe za nsapato, iwo amakhala ali kale pachipata akuitana.

Wophika wa pamalopo ndi mkamwini wawo. Anabwera hotela imene ankagwirako ntchito m'tauni itatsekedwa, ali ndi mkazi wake, ana awo amapasa, mipeni itatu yokulunga m'nsalu, ndi chimimba chake chimene chinkayamba kulowa pakhomo mwini wake akadali panja. Mbiri ya apongozi ake anaimva pang'onopang'ono kwa mkazi wake, akusenda anyezi kukhitchini. Malemu apongozi ake aamuna anali mlonda wa nkhalango, ndipo ankatandala m'kanyumba koyang'anira moto pamwamba pa phirilo. Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu Mayi Tiyeni ankakwera tsiku ndi tsiku kukawapatsira chakudya, pena mwana ali kumbuyo, pena ali ndi pakati. Bambowo atamwalira, miyendo inakana kusiya. Anayamba kutsogolera alendo obwera kudzakwera phiri, ndipo ataona kuti amatsika njala itawapotokola, anaika mbaula pansi pa mtengo. Mbaula inabala tebulo, tebulo linabala denga.

Mkamwiniyo anali atakhala pamalopo zaka zisanu ndi chimodzi osakwerako phirilo n'kamodzi komwe. Ankati wophika malo ake ndi pafupi ndi moto.

Loweruka lina m'nyengo yozizira, dzuwa litangoyamba kufunda, panaima galimoto yoyera. Munatuluka mayi wovala magalasi, amene anatsitsa chikuku n'kukhazikamo bambo ake, mkulu woonda amene mbali yakumanja ya thupi lake inali yakufa. Anaitanitsa tiyi ndi mazira. Mkamwiniyo atabweretsa, anaona kuti mkuluyo sakuyang'ana mbale. Maso ake anali kuphiri.

"Ali mnyamata anali m'gulu la anthu amene anabzala mitengo pamwamba apo," mayi wa magalasiyo anafotokoza. "Akuti kalelo kunali udzu ndi miyala basi. Papita zaka zoposa makumi asanu osabwerako. Ndangoti aione ali pansi pano."

Mayi Tiyeni, amene ankapukuta tebulo loyandikana nalo, anaima.

"Imene mukuionayi ndi zidzukulu," iwo anatero. "Yawo ili kuseri kwa thanthwe lalikululo, kuno siioneka." Anamuyang'ana mkuluyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Bambo, mumalemera bwanji?"

Mkuluyo anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. "Ngati thumba la nthenga, amayi."

Mayi Tiyeni anaponya kansalu kopukutira patebulo n'kulowa m'bala. Mkamwiniyo, podziwa mayendedwe amenewo, anawatsatira mpaka pachitseko. M'katimo munali amuna anayi akudikira mpira pa wailesi yakanema: makaniko, telala, mlimi wa ng'ombe za mkaka, ndi wina amene amamutchula kuti Mawa chifukwa ntchito iliyonse amailonjeza mawa. Anali atangotsegula mabotolo oyamba.

"Abambo inu, mabotolowo alibe miyendo, muwapeza," anatero Mayi Tiyeni. "Panjapa pali munthu amene anabzala nkhalango imene imatipatsa madzi a mumtsinjemu. Akufuna akaione."

"Amayi, ine msanawu," telala anayamba kudandaula.

"Msana womwe unkavina dzulo pamaso panga?"

Anzake anaphulika kuseka, ndipo nkhani inathera pomwepo. Anatulutsa mpando wamatabwa wa m'lesitilanti, wokhala ndi moika mikono. Makaniko anaumangirira pa nsungwi ziwiri zonenepa ndi zingwe zokokera galimoto, telala anapinda nsalu ya patebulo n'kuisandutsa lamba womangira mkuluyo m'chiuno. Onyamula anafunika anayi, ndi wachisanu wolandira amene watopa. Maso onse anagwera mkamwini.

"Amayi, mpunga uli pamoto."

"Mkazi wanu ankaphika mpunga musanamudziwe. Vulani epuloniyo, bambo a mapasa."

Ulendo umene alendo amayenda ola limodzi ndi theka unawatengera maola atatu. Pamene ankafika pakamtsinje koyamba, mkamwiniyo anali akupuma ngati mvukuto, malaya atamatirira kumsana. Koma chimene chinamugwira mtima si kutopa. Anali apongozi ake. Mayi amene ankawadziwa ngati munthu wolongolola za mchere ndi masupuni otayika, kuno anali munthu wina. Sankayang'ana pansi n'komwe. "Mwala uwo umagwedera, pondani kumanzere," ankatero asanaufike. "Apa weramani, pali nthambi." Pena ankaimitsa gulu lonse kuti mkuluyo amve mbalame imene iwo okha anali ataimva kale.

Pathanthwe lalikulu njira imachepa, ndipo kudzanja lamanja kuli phompho. Mawa, amene anali kutsogolo, atasuzumira pansi anaima pomwepo.

"Ine pano ayi. Ndiphani, koma pano ayi."

Mlimi, amene ndiye anali kupuma, anali atatsalira m'mbuyo ndi mayi wa magalasi uja. Mayi Tiyeni sanadikire. Anapatsa Mawa chikwama chawo, n'kulowetsa phewa pansi pa nsungwi. Popeza anali wamfupi, mpando unapendekeka, ndipo makaniko amene anali mbali inayo anachita kupinda mawondo kuti alingane nawo. Mkamwiniyo anali kumbuyo kwawo ndendende. Anaona mitsempha ya m'khosi mwa mayi wa zaka makumi asanu ndi awiri ikutukuka, thukuta likutsika m'imvi, koma phazi lililonse likutera pamalo pake ngati mwalawo anachita kuusema okha. Sanabuule n'kamodzi komwe. Mkamwiniyo anachita manyazi ndi kupuma kwake, ndipo anayesetsa kuponda pamene iwo achotsa phazi.

Atazungulira thanthwelo, onse anaima n'kuyang'ana kumwamba.

Mitengo inali itaima mizeremizere, uliwonse woti amuna awiri sangaukumbatire n'kugwirana manja. Nsonga zake sizinkaoneka pokhapokha utagoneka mutu chagada. Dzuwa linkalowa m'mipata ngati mizati yowala, pansi panali pofewa ndi masamba ouma a zaka zambiri, ndipo kumwamba mphepo inkamveka ngati mtsinje wodzaza ngakhale pansi panalibe kamphepo. Mkamwiniyo anakumbukira tchalitchi chachikulu cha m'tauni chimene anachiona ali mwana, koma chinamuchepera.

Mkuluyo anapempha kuti amuyandikize pa mtengo wina. Anaika chikhatho cha dzanja lake lamoyo pa khungwa n'kukhala choncho nthawi yaitali. Kenako anatambasula chala chachikulu ndi chamkombaphala.

"Tinkaibzala ikulekeza apa," anatero movutikira. "Tinkasenza mbande makumi anayi m'dengu. Kapitawo wathu ankati yambiri ifa. Zaka zonsezi ine ndimakhulupirira kapitawo."

Mlimi anavula chipewa. Mwana wa mkuluyo anatembenukira kumbali akupukuta magalasi.

"Moto unafika pano katatu," anatero Mayi Tiyeni. "Kachitatuko malemu bambo a kunyumba kwanga anatsika mikono itapsa mpaka m'zigongono."

"Ndiye kuti tinkagwira ntchito imodzi osadziwana," mkuluyo anayankha.

M'chikwama chija munatuluka fulasiki ya tiyi, buledi ndi makapu asanu ndi atatu a pulasitiki. Anamwa atakhala pansi, akulankhula monong'ona popanda wowauza.

Anatsika mpira utatha kale, ndipo palibe anafunsa kuti wapambana ndani. Analumikiza matebulo atatu panja, mkazi wa mkamwiniyo n'kubweretsa mpunga, nyama yokazinga ndi kabichi. Mabotolo anachoka kubala n'kubwera pomwepo. Telala analengeza kuti msana wake wachira, Mawa analumbira kuti anangopereka mpata kwa akuluakulu, ndipo mkuluyo anamaliza mbale yonse, zimene mwana wake anati sizinachitikepo chidwalireni.

Mkamwiniyo anatha masiku anayi akuphika atakhala pa kampando, ntchafu zikuwawa. Makaniko sanamasule nsungwi zija, ndipo mbiri itamveka, anthu anayamba kubweretsa makolo awo ndi abale osayenda. Pofika lero mpandowo wakwera maulendo khumi ndi anayi, ndipo mkamwiniyo wanyamula nawo ulendo uliwonse.

Mvula itayamba chaka chomwecho, mayi wa magalasi uja anaimba foni kunena kuti bambo ake amwalira. Mayi Tiyeni anamvetsera, anapepesa, n'kukhala pansi pakhomo la khitchini manja ali pamiyendo. Mkamwiniyo anachepetsa moto, anawathirira tiyi, n'kukhala nawo pambali mpaka kasitomala woyamba atalowa.