Chaka Chimene Ndinalera Kabawi

Ntchito yanga ndi ya ulangizi wa ziweto, ndipo pa zaka zimene ndikukamba pano ndinkayendera midzi ya m'mapiri a pakati pa Malomo ndi boma la Ntchisi. Ng'ombe ndi mbuzi ndinkaziona ndithu, koma anthu ankandidziwa kwambiri chifukwa cha nkhuku. Kukayamba kutentha, chitopa chimasesa makola, choncho miyezi imeneyo ndinkalawirira m'mamawa nditamangirira bokosi la katemera panjinga yamoto. Katemerayo timadonthezera m'diso la nkhuku, ndipo ndinkayenera kufika pamudzi eni ake asanazitsegulire, chifukwa nkhuku ikangotuluka m'khola palibe angaigwire mpaka madzulo.

Tsiku lina mu Okutobala, ndikubwerera kunyumba, ndinapeza amuna atatu atagwetsa mtengo wa bulugamu m'mbali mwa msewu. Ankafuna mitengo yomangira chigafa cha fodya. Mmodzi anali atanyamula kanthu m'chipewa, ndipo nditaima anandionetsa. Kanali kamwana ka mbalame, koyera ngati thonje, mutu waukulu, timiyendo tachikasu. Chisa chinali chitaphwasuka pogwa mtengo, kanzake katafera pomwepo.

"Ndi kabawi ameneyu, alangizi," anatero mwini chipewayo. "Mdani wa ntchito yanu. Tikamuponyera agalu."

Kanthuko kanandiyang'ana n'kuyasamula kukamwa. Sindinaganize zambiri, ndinangoti, "Ndipatseni." Amunawo anaseka mpaka wina anakhala pachitsa. Ndinakhuthula mapepala amene anali m'katoni yanga, n'kuyalamo udzu, n'kukaikamo.

Mkazi wanga amasoka zovala, ndipo makina ake ankakhala pakhonde. Ana athu onse atatu anali atachoka pakhomo, wina kuntchito, awiri kusukulu zogonera komweko. Nditatsegula katoni anasiya kupalasa makina n'kusuzumira.

"Bambo, inu amene mumayenda midzi yonse kuuza anthu kuti azitchingira anapiye kwa akabawi, lero mwabwera naye nokha pakhomo? Anapiye anga ali pabwalo apawa mukuwaona?"

Ndinati ndingomusunga masiku ochepa. Iye anangoti, "Tiona," n'kupitiriza kusoka.

Madzulo omwewo ndinaimbira foni mnzanga amene amagwira ntchito yoyang'anira nkhalango. Anayamba waseka kaye, kenako anandiuza zochita. Kazidya nyama yaiwisi yokha, yopanda mchere, tizidutswa ting'onoting'ono, kanayi kapena kasanu patsiku. Kakakula pang'ono kazidya ndi ubweya ndi mafupa omwe.

"Koma achimwene, dziwani chinthu chimodzi," anatero. "Mbalame yaing'ono chonchi imatenga amene akuidyetsa ngati mayi ake. Kuyambira lero mayi ake ndinu. Musaitsekere m'chipinda yokha, idzakula yamantha ndi yolusa. Izikhala poonekera, izione anthu, izimva phokoso."

Ndinatchera misampha kuseri kwa nkhokwe ndi m'mphepete mwa munda, ndipo mbewa sizinkasowa. Vuto linali nthawi. Ndinkachoka pakhomo kukungoyera, kubwerera dzuwa lili paliwombo, nthawi zina litapendeka. Kamwanako sikakanatha kudikira maola onsewo.

Sabata yoyamba ndinkapita nako kuntchito. Katoni ndinaiboola timabowo ta mpweya n'kumaimangirira pamwamba pa bokosi la katemera, nyama ndikuisunga m'kachitini. Ndikamaliza mudzi umodzi ndinkaima pathengo n'kukadyetsa mobisa, kenako ulendo. Masiku anayi zinayenda bwino. Lachisanu ndinafika pamudzi wina wa kuseri kwa phiri, amayi atasonkhana kale pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zili m'madengu, zina atazipanira m'khwapa. Nditadonthezera zingapo, kanthu kaja kanamva mawu anga n'kuyamba kulira m'katoni. Tambala wina anakuwa, madengu anagubuduka, ndipo posakhalitsa bwalo lonse linali nthenga ndi fumbi. Nkhuku zina zinalowa m'makhitchini, zina zinakwera pamadenga.

Mayi wina wachikulire anapita panjinga n'kutsegula katoni ija. Anayang'ana m'katimo, anayang'ana ine.

"Alangizi, ndiye kuti mukutemera nkhuku zathu kuti zinenepe, wodzadya mwayenda naye kale?"

Amayi aja anaseka mpaka misozi, ine ndili chilili ndi botolo la katemera m'manja. Tsiku limenelo ntchito inathera pomwepo, ndinachita kubwereranso m'mawa mwake. Nkhaniyo inafika kwathu ku Malomo ine ndisanafike.

Nditafotokozera mkazi wanga, anaseka n'kunena kuti, "Muzimusiya kuno mwana wanuyo. Koma mbewa muzidula nokha musananyamuke, ine ndizingomupatsa."

Tsiku loyamba ndinabwerera masana n'kupeza mbale ya nyama ili chidzadzire. Kamwanako kanali katafulatira pakona ya katoni, katakana kuyasamula m'mawa wonse. Katangondiona kanakuwa, kakugwedeza timapiko, n'kumeza nyama yonse nthawi imodzi. Mkazi wanga zinamupweteka.

"Ndalera ana atatu, palibe anakanapo chakudya cha m'manja mwanga. Akane uyu wogwa mumtengo?"

Tsiku lotsatira ndinafika mochedwa, mtima uli m'mwamba. Nditakhota pampanda ndinaona munthu atakhala pamakina, atavala ovolosi yanga yakale yobiriwira ndi chipewa changa cha kumunda. Anali mkazi wanga. Mayi wina amene anabwera kudzayesa diresi anali atakhala pamkeka, akupukuta misozi ya kuseka. Mbale inali yopanda kanthu, kamwanako kali mtulo, chotupa cha pakhosi chitadzaza.

"Ndaimbanso ndi likhweru lija mumaimba pomudyetsa," anatero mkazi wanga. "Mwana wanuyu ndi wopusa, sasiyanitsa munthu ndi ovolosi."

Anavala choncho sabata yathunthu. Kenako anasiya chipewa, patapita masiku anasiya ovolosi, ndipo kamwanako kanapitiriza kudya m'manja mwake. Tinagawana ntchito: ine m'mamawa ndisananyamuke ndi madzulo, iye kawiri pakati pa tsiku. Masiku a msonkhano ku ofesi ya ku boma, umene unkatenga tsiku lonse, ndinkatuluka panja nthawi yopuma n'kumuimbira foni. Sindinkafunsa za iye kapena za nyumba. Ankangoyankha kuti, "Wadya," n'kudula.

Ubweya woyera uja unayamba kuthothoka, nthenga zofiirira zikutuluka, pachifuwa pali timizere. Sanalinso kamwana, anali kabawi ndithu. Ndinakhomera nthambi pakona ya khonde, ndipo ankakhala pamenepo tsiku lonse, mutu ukutsatira singano ya makina. Pakhonde pathu pankabwera anthu ambiri: ofuna mayunifolomu, amayi a kwaya odzasoketsa zovala zofanana, ogulitsa tomato. Poyamba ankafutukuka nthenga akaona mlendo, koma patapita masabata ankangoyang'ana n'kupitiriza kudzikonza nthenga.

Madzulo inali nthawi yanga ndi iye. Mkazi wanga anandisokera golovesi yochindikala kuchokera ku chikwama chakale cha lona, chifukwa zikhadabo zinali zitayamba kundisiyira zipsera. Ndikangofika, ndisanamwe n'komwe madzi, ndinkamunyamula padzanja n'kuyenda naye. Tinkapita kumjigo, kuchigayo, mpaka kubwalo la mpira. Tsiku loyamba kuona ngolo ya ng'ombe anadzidzimuka n'kulendewera chadodolido pakachingwe kamene ndinamumanga kumwendo. Ndinamubwezera padzanja, tinaima patali mpaka ngoloyo itadutsa. M'mawa mwake tinaima pafupi pang'ono. Sabata isanathe ngolo inkadutsa iye ali phee. Chimene sanachizolowere mpaka kalekale ndi ambulera. Munthu akangoifunyulula, iye ankathawira paphewa panga n'kubisa mutu kuseri kwa khutu langa.

Woyandikana nafe nyumba anali mayi wamasiye amene ankaweta nkhuku zambiri kuposa aliyense pamzere wathu. Tsiku lina anabwera n'kuima kutsogolo kwa khonde, manja m'chiuno.

"Alangizi, sindinabwere ndi mkangano. Koma tsiku limene adzagwire mwanapiye wanga mmodzi, ndidzamuphika ndi tomato, ndipo ndidzakupatsani ntchafu."

Ndinalonjeza kuti ndizimuyang'anira, ngakhale mumtima ndinkadziwa kuti tsikulo likubwera. Linabweradi, Loweruka lina masana, tonse tili pakhomo. Kabawi anadumpha kuchoka panthambi yake n'kutera pabwalo, akuyenda mopepesuka ngati munthu wovala nsapato za eni. Thadzi lakuda la mayi aja linali likudutsa ndi anapiye ake. Iye anapendeketsa mutu n'kuyamba kulondola kamwanapiye komalizira. Thadzilo linatembenuka, linafutukula mapiko, n'kumugwera. Linamujompha pamutu, linamuponda, linamugubuduza m'fumbi. Ndisanafikepo, kabawi anali atathamanga wapansi mpaka pakhonde n'kukabisala kunsi kwa makina, pakati pa mapazi a mkazi wanga.

Mayi aja anaona zonse ali pampanda. Anawomba m'manja n'kufuula, "Ameneyo ndiye kabawi wa alangizi! Waphunzira mwambo lero!"

Sanavulale, anangothothoka nthenga ziwiri. Koma kuyambira tsiku limenelo, akaona thadzi la anapiye ankayang'ana kumbali ngati sakuliona. Mayi aja anayamba kumukonda. Ankabwera ndi makoswe ogwidwa pamsampha, atawagwira kumchira, n'kumanena okha ndisanafunse kuti, "Si a mankhwala awa, musaope."

Kuuluka anayambira padenga la khitchini, kenako mumtengo wa mango, kenako m'mabulugamu a kuseri kwa nyumba. Ndinamuchotsa kachingwe kaja. Ndikaimba likhweru n'kukweza dzanja, ankatsika. Anadziwanso kulira kwa njinga yanga pakati pa njinga zonse za kabaza zodutsa mumsewu. Ndikamakwera chitunda chomaliza, ankandichingamira n'kumauluka pamwamba panga akulira mpaka pakhomo, moti mkazi wanga ankadziwira pomwepo kuti atereke madzi osamba.

Chimene chinkandidetsa nkhawa n'chakuti sankasaka. Ankadikira mbale basi. Mnzanga wa kunkhalango anandiuza kuti ndichepetse chakudya cha m'mawa kuti njala imuphunzitse. Zinali zovuta, chifukwa ankakhala padenga n'kumalira mondidandaula ine ndikuliza njinga. Mvula yoyamba itagwa, misewu ya m'mapiri inasanduka matope, ndipo masiku ena sindinkapita kutali. Madzulo ena, mvula itangokata, ngumbi zinatuluka pachulu cha kumunda. Mkazi wanga ndi mayi oyandikana nafe anathamangira komweko ndi mabeseni. Kabawi anachoka mumtengo, anazungulira kamodzi, anatambasula mwendo n'kugwira ngumbi m'malere. Anaiyang'ana ngati wadabwa, n'kuidya akuuluka. Anagwira ina, ndi inanso. Ine ndinaima pabwalo n'kumafuula ngati ndili ku mpira, mpaka mkazi wanga anandiuza kuti ndisiye phokoso ndibwere ndidzagwire beseni.

Atayamba ndi ngumbi anapita pa ziwala, abuluzi, kenako mbewa za m'munda. Mbale inayamba kutsala ndi nyama, ndipo misampha ndinaichotsa. Ankagona m'mabulugamu, n'kumabwera pakhonde nthawi imene wafuna.

Patapita zaka ziwiri, nyengo yotentha, ndinali pakhonde ndikuthira oyilo tcheni ya njinga. Kabawi anatera pabondo langa atanyamula gulo wopanda mutu. Anamuika m'dzanja langa n'kuyamba kulira motsitsa, kulira kumene ndinali ndisanamumvepo. Ndinamubwezera, iye anamutola n'kundipatsanso. Nditafunsa mnzanga uja, anati kabawi wamwamuna amatero akafuna mkazi, amamubweretsera chakudya. Popeza wanga anakulira pakati pa anthu, anasankha ine.

Mkazi wanga atamva anaseka mpaka kugwira pamimba. "Landirani chikole, bambo. Ine sindikuletsani, bola mitala yake ikhale ya mumtengo."

Nyengo yonseyo ankabwera ndi mphatso pafupifupi tsiku lililonse. Ndikakana sankachoka, choncho ndinaphunzira kufikitsa dzanja pakamwa ngati ndikudya, kenako n'kubisa m'thumba. Tsiku lina ndinaiwala kutaya buluzi amene anandibweretsera. Mkazi wanga anampeza buluziyo akuchapa buluku langa, ndipo kukuwa kwake kunatulutsa anthu m'nyumba zitatu. Kuyambira pamenepo matumba ndinkapisa ndekha ndisanapereke zochapa.

Chaka chotsatira anandisamutsira ku Dowa, kufupi ndi Mtengowanthenga. Ndinaganiza zomutenga, koma anali atazolowera mitengo yake ndi minda yake, ndipo ankadzidyetsa yekha. Ndinamusiya. M'mawa wosamuka ndinamuitana, anatera padzanja, ndinamusisita pachifuwa ndi chala monga ndinkachitira, kenako anaona china m'munda n'kuuluka. Golovesi ndinawasiyira mayi oyandikana nafe, amene anati ayesa kuphunzira likhweru.

Kunyumba yatsopano mkazi wanga anayambiranso kuweta nkhuku. Mwezi woyamba womwewo kabawi wakutchire anatsika n'kunyamula mwanapiye iye akuona. Anamuthamangitsa ndi tsache mpaka kumsewu, akukuwa. Anabwerera ali wefuwefu, anakhala pamakina, n'kunena kuti, "A kunoko ngosaleredwa."