Kyutekisi wanga pa shafiti ya pikapu

Bambo a Tadala, chimwalirireni inu sindinasekepo ngati lero. Ndinapita ndi pikapu yanu yakale ija kugalaja ku Chikanda kuti asinthe shafiti, chitsulo chachitali chapansi chija chozungulitsa matayala akumbuyo. Makaniko atatuluka kunsi kwa galimoto anandifunsa kuti, "Mayi, timizere tofiirati anajambula ndani? Penti wake ngwachilendo." Ine kuseka mpaka misozi. "Si penti ameneyo achimwene, ndi kyutekisi wanga!"

Mukukumbuka? Tinkatsika phiri kupita ku ukwati wa mng'ono wanga ku Songani, shafiti n'kuyamba kugogoda titangodutsa damu la Mulunguzi. Munalowa pansi ndi suti yomwe, n'kunena kuti musanamasule mabawuti pafunika chizindikiro, chifukwa mukabwezera mosemphanitsa galimoto izinjenjemera ngati yadwala malungo. Choko panalibe. Ine ndinali nditangopenta zikhadabo za dzanja lamanja lokha, inu n'kunditsomphola kabotolo ka kyutekisi n'kujambulira timizere tija, wotsalayo n'kutayikira m'fumbi. Ndinakalipa njira yonse, inu mukungoseka, amvekere, "Mayi a Tadala, muzipereka moni ndi lamanjalo, linalo mubise m'chitenje." Tinafika akwati asanalowe m'tchalitchi, koma pa zithunzi zonse dzanja langa lamanzere lili kumbuyo.

Shafiti yatsopano aika, pikapu ikukwera phiri osadandaula. Yakaleyo ndakana kuwasiyira, ili pakhonde. Ndipo lero ndapenta zikhadabo, dzanja lamanja lokha. Usani mumtendere, mwamuna wanga. Lamanzereli mudzapenta nokha tikadzakumana.