Tsiku Limene Amayi Anaseka Pamaliro a Agogo

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene agogo aamuna, bambo awo a amayi, anamwalira kumudzi kufupi ndi Nathenje. Ife tinkakhala pa Mitundu, pomwe bambo ankaphunzitsa kupulayimale. Amayi moyo wawo unali kumpingo. Lachinayi lililonse ankasita bulauzi yoyera ndi duku loyera, n'kupita kukapemphera ndi amayi anzawo. Agogo ndiye anali a gule, mutchalitchi sanapondemo.

Kumaliroko kunabwera gule. Lamulo la mpingo wathu aliyense ankalidziwa: Mkhristu saonera gule. Choncho amayi anakakhala kuseri kwa nkhokwe atafunda chitenje, maso ali otupa, ine ndili pambali pawo. Koma nkhokweyo inali yaing'ono, ndipo bwalo linkaoneka.

Ng'oma zitasintha, m'bwalomo munalowa gule wa nkhope yofiira, atavala jekete lakuda ndi magalasi a waya, buku long'ambika lili m'manja. Analitsegula chozondotsa, n'kutsokomola ngati mlaliki, n'kuloza kumwamba. Kenako anayamba kuzungulira ndi mbale ya chopereka, ndipo amene waponya zochepa ankamuimirira osachoka. Anthu anafa ndi phwete. Amayi anayesa kudziletsa, koma kuseka kunawapulumuka. Anaseka mpaka misozi, atandigwira phewa.

Ine ndinali mwana wosasunga kanthu m'kamwa. Lamulungu lotsatira, Sande sukulu isanayambe, ndinazondotsa buku la nyimbo n'kuwaonetsa anzanga zonse, ndi kutsokomola komwe. Tili mkati moseka, aphunzitsi athu, mayi Chimphamba, anatulukira.

"Zimenezi waziona kuti?" anandifunsa.

"Kumaliro," ndinayankha ndikuyang'ana kamtengo kamene ananyamula. "Amayinso anaonera. Anaseka kwambiri."

Ndinkaganiza kuti dzina la amayi linditchinjiriza. Linanditchinjirizadi, kamtengo sikanandikhudze.

Sabata yomweyo akulu a mpingo anabwera kunyumba. Ndinamvetsera ndili kukhitchini. Mmodzi anati kuseka zotere n'kunyoza Mulungu. Wina, wokalamba, anati, "Gule ujatu amanena ife alaliki, sanena Mulungu ayi." Anzake anamuyankha kuti nkhani si imeneyo, lamulo ndi lamulo. Amayi sanakane chilichonse, ndipo ine sananditchule. Akuluwo anawaimitsa amayi kudya mgonero ndi kuvala zoyera zija.

Bambo sanandimenye, ngakhale ndikanakonda akanandimenya. Lachinayi linkandiwawa kuposa chikwapu. Amayi anzawo ankadutsa pamsewu atavala zoyera, akuimba, amayi ali pakhonde akutongola chimanga, osadzutsa mutu.

Tsiku lina tikuchapa kumjigo ndinalimba mtima n'kupepesa. Anapitiriza kufinya malaya a bambo, kenako anati, "Agogo ako ankandisereula chomwecho ndili mtsikana, ndikamachokera kutchalitchi. Kutsokomola komwe kuja. Ndinangoona ngati abwera kudzanditsanzika."

Pa nthawiyo sindinamvetse bwino. Lero ndikudziwa kuti pabwalo paja aliyense anaona zakezake. Ena anaona chipongwe, ena anaona mlaliki wokonda mbale, pomwe amayi anaona bambo awo. Kuseka kuja kunali kulira maliro, ndipo ine ndinakupereka kwa anthu kuti ndipulumuke kamtengo. Manyazi ake ndikadali nawo.

Mvula itatha anawabwezera mumpingo, ndipo bulauzi ija anaivalanso. Panopa ndi okalamba, ndimakawaona pa Mitundu ndi ana anga. Ana akachita choseketsa, amayi amayamba aphimba pakamwa ndi chitenje n'kuyang'ana amene akuwaona. Woyamba kumuyang'ana amakhala ine.