Tinkadikira Kuti Ng'ala Ikhwime

Tinanyamuka kumudzi kwathu, kuseri kwa Chamama, dzuwa likutuluka kumene, ine ndi mwana wanga Tadala wa zaka zisanu ndi chimodzi. Mayi ake anatiperekeza mpaka pachigafa cha fodya, tinapemphera chiimire. M'thumba ndinali ndi kalata yotitumiza ku Lilongwe kwa dokotala wa maso a ana.

Tadala anabadwa ndi kadontho koyera m'diso lakumanzere. Tinkadziwa kuti ndi ng'ala. Kalekale amayi anga ataidwala, anauzidwa kuti adikire ikhwime kaye, ndipo ataichotsa anayambiranso kuwerenga buku la nyimbo. Ife alimi a fodya kudikira tinakuzolowera, tsamba losakhwima sitithyola. Choncho tinadikira, tikupemphera, mpaka aphunzitsi ake anatiuza kuti mwana akuyang'ana bolodi chammbali.

Njinga yamoto inatitsitsa pa Mtunthama cha m'ma seveni. Woyendetsa analandira K5,000, ati mwana salipira koma fumbi n'laulere kwa tonse. Mwini golosale wina, Msilamu wa chipewa choyera, atamva komwe tikupita anamuninkha Tadala mandasi awiri.

"Mulungu ndi mmodzi, achimwene. Akutsogolereni."

Mu minibasi ya ku Kasungu tinakhala anayi pampando wa atatu. Kondakitala ataona Baibulo langa anati, "Abusa, finyikani pang'ono. Malo ambiri ali kumwamba kokha." Ndinamuuza kuti sindine mbusa, koma ndinafinyika.

Pa boma tinakwera basi yaikulu. Tinawoloka Bua, tinadutsa Madisi, pa Mponela ndinagula chimanga chootcha. Kuchipatala tinafika masana, ndipo dzina lathu analiitana cha m'ma thuu.

Dokotalayo anali mayi wofatsa. Ananjuta kuti afanane msinkhu ndi Tadala, n'kumuunika m'maso ndi katochi. Anamuonetsa chithunzi, Tadala n'kunena kuti ndi galu. Kenako anamuphimba diso lakumanja, n'kutulutsa chithunzi cha nkhuku. Mwana anangoti duu.

"Bambo, kadonthoka munakaona liti?" anandifunsa.

"Ali wakhanda, adokotala. Timadikira kuti ikhwime."

Anaika katochi patebulo. "Ya mwana sitidikira, bambo. Diso limaphunzira kuona mwana akadali wamng'ono, monga amaphunzirira kuyankhula. Ili silinaphunzire. Ng'alayi tidzaichotsa mwezi wamawa, kenako muzidzamuphimba diso labwinoli kwa maola angapo patsiku kuti linzakeli lilimbikire. Mwina lidzaonako pang'ono. Zambiri sindingakulonjezeni."

"Tikanabwera ali wakhanda?"

"Mwabwera lero," anatero motsitsa mawu. "Tiyambire pamenepa."

Pobwerera, basi isanatuluke m'tauni, Tadala anandikoka malaya.

"Ababa, mwakwiya chifukwa ndalephera chithunzi chachiwiri chija?"

Ndinati ayi, n'kumugoneka pamiyendo panga.

Ndinakumbukira wakhungu uja wa pamsewu wa ku Yeriko. Anthu ankamuuza kuti akhale chete, iye n'kumafuulabe mpaka Ambuye anaima. Ine ndinakhala chete zaka zisanu ndi chimodzi, ndikuganiza kuti ndiko kupirira kwa Mkhristu. Ndinkagwada tsiku lililonse, koma sindinakwere basi kukafunsa ngati ng'ala ya mwana ili ngati ya nkhalamba. Inu amene mwana wanu ali ndi kadontho m'diso, pempherani muli panjira.

Ndinapempha Ambuye mawu oti ndikawauze mayi ake a Tadala. Mpaka pamene tinkawoloka Bua, ndinali ndisanawalandire.