Andiwonongera mphete ya apongozi, ine ndasanduka wakuba

Ndatopa, anthu inu. Kashopu kena ka ndolo ndi mawotchi kuno ku Silverest kandiwonongera mphete, ndipo mpaka lero palibe wanena ngakhale pepani.

Mpheteyo si yanga. Ndi ya kubanja kwa amuna anga, yagolide, ili ndi mwala wobiriwira uja wa emeraldi. Malemu apongozi aamuna anaigula akugwira ntchito kumigodi. Kwawoko mwana wamwamuna akakwatira, mkazi wake amaisunga mpaka wotsatira atapeza mkazi. Ine ndakhala nayo chikwatiwireni. Tsopano mlamu wanga Yotamu akukwatira, ndiye inayenera kubwerera kwa apongozi aakazi ku Kanakantapa.

Zaka zonsezi ndimaitsuka ndekha. Madzi ofunda pang'ono, kasopo, kamswachi kofewa ka mwana, kenako kuipukuta ndi kansalu. Basi. Pochapa ndimaivula, pophika ndimaivula. Koma poti ikubwerera kwa eni ake, ndinati ikaone akatswiri kuti iwale bwino. Akatswiri ake amenewo!

Lachiwiri m'mawa ndinaipereka kwa mtsikana wa pakauntala. Foni ili kukhutu, anangoiyang'ana kamodzi n'kuiponya m'kamashini konjenjemera, muli madzi otentha. Ndinafunsa ngati mwalawo suvutika.

"Mami, osadandaula," anatero. "Iyi mashini imasuka vonse, na madayamondi."

Itatuluka, golide ali waliwali. Mwala ayi. Unali utachita mbuu ngati phale la botolo lotola m'fumbi, mkati muli timizere toyera, pakona pali mng'alu. Mtsikanayo anati ikauma ibwerera mwakale. Kodi mwala umauma ngati chitenje? Koma ndinamvera, ndinapita nayo kunyumba. Sinabwerere.

Lachitatu ndinapempha kutuluka msanga kuntchito kuti ndikaonane ndi mwini shopu, koma mtsikana uja anangoti, "Ba bosi bayenda ku tauni." Lachinayi, ba bosi ali kumaliro. Lachisanu ndinangokhala pampando mpaka anatulukira, makiyi a galimoto ali m'manja.

Bamboyo anauyang'ana mwalawo ndi kagalasi kake. Kenako anandiphunzitsa bwinobwino, ngati ndabwera kusukulu. Akuti emeraldi imakhala ndi timing'alu tachibadwa, ndipo amaithira mafuta kuti ioneke yoyera mkati. Akuti madzi otentha ndi kunjenjemera kuja zimachotsa mafutawo, mwinanso kukulitsa ming'alu.

"Emeraldi siingena mu mashini, aliyense aziba," anatero. "Munafunika kumuuza mukazana."

Ine ndimuuze mtsikanayo? Pachikwangwani panjapo munalemba kuti katswiri ndani, ine? Ndikapita kuchipatala ndizikauzanso adokotala pobaya jakisoni?

Sindinakweze mawu, mphamvu zinali zitatha. Ndalama sindinapemphe. Ndinangopempha chinthu chimodzi, kuti alankhule ndi apongozi anga pafoni, awauze kuti mwalawo ndi womwe uja ndipo wawonongekera m'shopu mwake. Anati nkhani za m'banja iye salowerera. Koma poti ndi munthu wachifundo, akuti tsiku lina ndidzabweretse ndolo, adzanditsukira ulere.

Lamlungu ine ndi amuna anga tinapita ku Kanakantapa. Apongozi analandira mpheteyo ndi manja awiri, n'kutuluka nayo panja powala. Anaitembenuza, kuitembenuzanso. Alamu anga aakazi akusuzumira. Kenako anandiyang'ana, osati mokwiya, bola akanakwiya.

"Amake Tiza, ngati kunyumba kunali vuto, mukanatiuza chabe. Manje mwala wa atate a Yotamu uli kuti?"

Ndinafotokoza zonse, za mashini, za mafuta, misozi ili chuchuchu. Anangoti, "Chabwino." Amene muli pabanja mukumudziwa chabwino ameneyo.

Ndiye inu a shopu, ndikufunsani pano poti pamaso munakana. Munthu wosadziwa miyala mumamusiyiranji mashini? Kuimba foni imodzi kukanakuchotserani chiyani? Ndipo inu amayi anzanga, ngati muli ndi mphete ya mwala, musalole kuti ilowe m'mashini musanamve kuchokera kwa mwini shopu. Ikachita dothi tsukani nokha kunyumba, pang'onopang'ono.

Ukwati wa Yotamu uli mwezi wamawa. Pamwambo wawo, amene wasunga mphete ndiye amaveka mkwatibwi pamaso pa anthu. Dzulo alamu anga aakazi aja andiimbira foni. Akuti adzaveka ndi iwo, ine ndikathandize kutsuka mbale.